Ndikakweza mkono, magazi amaima

Ntchito yanga ndi yopenta nyumba kuno ku Joni, ndipo pa ntchito zonse za penti ndinkadziwika ndi siling'i. Anzanga ambiri amaithawa chifukwa imathyola khosi. Ine ndinkaikonda, poti bwana akaona siling'i yosalala, yopanda mizere ya rola, sakuiwala. Akapeza nyumba ina amakuitananso. Ndiye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mkono wamanja uli m'mwamba, mutu chagada, penti ikudonthera kumaso.

Tsiku lina masana, tili pa nyumba ina ku Randburg, ndinamva ovolosi ikundithina mbali yakumanja yokha. Nditavula kuti ndione, mkono wonse kuyambira paphewa mpaka ku zala unali utafufuma, khungu likuchita kunyezimira. Chikhatho ndi zikhadabo zinali zitada, osati ndi penti ayi. Kupweteka kwenikweni kunalibe. Unkangolemera basi. Mnzanga wa ku Mangochi amene timagwira limodzi anaugwiragwira n'kunena kuti, "Achimwene, apa mwalumidwa ndi kangaude." Tinafufuza bala, silinapezeke.

## Anati ndi mnofu

Ku chipatala chaching'ono komwe ndinayambira anandifunsa ntchito yanga, nditawauza anagwedeza mutu n'kunena kuti ndakoka mnofu. Anandipatsa mapiritsi opha ululu ndi mafuta opaka, n'kuti ndikapume. Sindikuwasungira kanthu kukhosi. Munthu wamphamvu zake, wosasuta, wobwera ndi mkono wotupa atagwira ntchito yolemetsa, ambiri angaganize zomwezo. Koma kupuma kwa munthu wolipidwa pa tsiku mukukudziwa. Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba uli pamakwerero.

Mkono sunaphwe. M'mawa unkakhala bwinoko, ndikangogwira rola pang'ono wabwerera mwakale. Kenako panatuluka china. Pa phewa ndi pachifuwa chakumanja panayamba kuoneka timitsempha tambirimbiri tokhotakhota, totukuka pansi pa khungu, tomwe kale kunalibe. Amene anaona timitsemphato ndi mkazi wanga, ine ndikuvala malaya. Anangoti, "Bambo ake, izi si za mnofu izi. Mawa kuntchito simupita."

Ku chipatala chachikulu dokotala wachitsikana anandipaka mafuta ozizira aja n'kuyendetsa kamakina ka sikani kuyambira m'khwapa kukwera. Anandiuza kuti mtsempha wabwino ukaupanikiza umaphwa, koma wangawu sunkaphwa chifukwa munali magazi oundana. Kunyumba sindinabwerere tsiku limenelo. Usiku womwewo anandibaya jakisoni wa pamimba, ndipo namwino anandifotokozera mosabisa kuti choopsa si kutupako, koma kuti kachidutswa ka magazi oundanawo katha kuthothoka n'kukatseka njira m'mapapo. Ndinamvanso kuti pali njira yolowetsa kapaipi mumtsempha n'kusungunula magaziwo ndi mankhwala amphamvu, koma imagwira bwino ngati masiku 14 asanadutse. Anga anali atadutsa kale.

## Dzina lake

Matendawa dzina lake ndi thoracic outlet syndrome, madokotala amangoti TOS. Pamwamba pa chifuwa pali fupa lopingasa lija limachokera pakhosi kukafika paphewa, lija limaonekera kwambiri munthu akaonda. Pansi pake pabisala nthiti yoyamba, yaifupi, yokhota, yovuta kuikhudza ndi chala. Pakati pa mafupa awiriwa pali kampata kakang'ono, ndipo zonse zopita kumkono zimadutsa pamenepo: mitsempha yotumiza mauthenga ku zala, mtsempha wobweretsa magazi kuchokera kumtima, ndi mtsempha wobweza magazi kumtima. Palinso minofu ya m'khosi yomwe imakamangirira pa nthiti yomweyo, ndiye malo ndi ochepa kale. Ukakweza mkono, kampatako kamachepanso.

Mwa odwala 100, oposa 90 chomwe chimapanikizika ndi mitsempha ya mauthenga, ndiye amamva dzanzi, kuwawa, zala kufooka. Ife a mtsempha wobweza magazi tilipo ochepa, 3 mpaka 5 mwa 100. Osowa kwambiri ndi a mtsempha wochokera kumtima, ndipo ambiri a iwo anabadwa ndi nthiti yowonjezera m'khosi. Ine X-ray inaonetsa kuti ndilibe. Mtundu wangawu uli ndi dzina lakelake, Paget-Schroetter, chifukwa James Paget wa ku London analemba za mkono wotupa chotere mu 1875, ndipo Leopold von Schroetter wa ku Vienna anafotokoza za magazi oundana mumtsemphawo mu 1884. Ndikuwerenga pafoni usiku m'wodi ndinaseka ndekha nditaona anthu omwe amawagwira kwambiri: osambira a mpikisano, oponya mpira wa baseball ku America, onyamula zitsulo, kenako ife opaka penti. Kamodzi m'moyo ndalowa gulu limodzi ndi anthu olipidwa mamiliyoni.

## Chipinda chozizira

Zonsezi ndinazimva ndi makutu, koma mumtima ndinali ndi zangazanga. Ndinkati ndimwa mapiritsi awo, magazi asungunuka, ndibwerera ku siling'i. Nkhani ya opaleshoni itayamba kutchulidwa ndinkaiona ngati changu chabe cha anthu ozolowera mpeni. Panalinso mawu ena ochokera kumudzi ndi kwa anzathu konkuno. Munthu ukumanga nyumba ya malata kwanu, mwadzidzidzi dzanja lomwe ukumangira litupe popanda bala? Ena ananena poyera kuti andiponyera. Masana ndinkawaseka. Usiku tulo tikasowa, ndisaname, mawuwo ankabwera.

Patapita miyezi ingapo ndikumwa mankhwala, anandiitana ku mayeso otchedwa venogram. Chipinda chake n'chozizira kwambiri, bedi lake lopapatiza ndi lolimba, ndipo onse ogwira ntchito avala zovala zolemera zotchinga mphamvu ya X-ray, iwe wekha ndi amene uli ndi kansalu kopyapyala. Anandilowetsa singano mumtsempha pafupi ndi chigongono. Dokotala wake anali bambo wachikulire wosalankhula zambiri. Asanayambe anatembenuza sikirini kuti iyang'ane kwa ine.

"Bambo, ndikufuna muone nokha," anatero.

Anapopera mankhwala ooneka pa X-ray. Ndinamva kutentha kukukwera mumkono, ndipo pa sikirini panatuluka mzere wakuda, wonenepa bwino, ukuyenda kuchokera kumkono kulowera ku chifuwa. Mafupa anga ankaoneka motuwa kumbuyo kwake. Mzerewo utafika pansi pa fupa lopingasa lija unaonda mwadzidzidzi, m'mphepete mwake muli manomano, koma unadutsabe pang'onopang'ono. M'mbali munali timizere tina tating'onoting'ono tozungulira phewa. Anandilozera n'kunena kuti timenetu ndi tomwe mkazi wanga anaona pachifuwa. Zili ngati mlatho ukakokoloka m'dzinja, anthu sasiya kupita kumsika, amangoponda tinjira tatsopano kumtunda ndi kumunsi kwa mtsinje. Magazi nawo anali atadzipezera tinjira, kungoti sitingakwane katundu yense.

Kenako anati, "Tsopano kwezani mkono. Muchite ngati mukupenta."

Ndinakweza. Chomwe ndimakumbukira n'chakuti zala zinadzipinda zokha ngati zagwira ndodo ya rola, popanda ine kuziuza. Namwino anandigwirizira chigongono kuti singano isasunthe. Dokotala anapoperanso mankhwala.

Mzere wakuda unakwera ngati poyamba. Utafika pamalo paja unaima. Osati kuonda ayi, kuima nji. Ndinadikira kuti mwina udutsa, sunadutse. Unayamba kusefukira m'timizere ta m'mbali tija, tina n'kuda kwambiri, koma njira yaikulu inali itatsekeka ngati palibe. Mkono unayamba kulemera kulemera kuja ndinakumva ku Randburg, ndipo nthawi ino ndinali ndikuona ndi maso chomwe chikuulemetsa. M'chipindamo munali zii, kupatula kulira kwa makina.

"Tsitsani," anatero. Nditatsitsa, mzere uja unayambanso kudontha kudutsa pampata.

"Mwaona? Mapiritsi amaletsa magazi kuundana, koma sasuntha fupa."

Sananene zambiri kuposa apo, ndipo panalibe chifukwa. Ndili chigonere pabedipo ndinayamba kuwerenga m'mutu ma siling'i onse omwe ndapenta chibwerereni kuno. Nthawi iliyonse yomwe rola inkakwera, mtsempha unkapanikizika pakati pa mafupa awiri, n'kumasuka, n'kupanikizikanso, mpaka m'kati mwake munachita zipsera n'kuchepa. Magazi oundana aja anangomaliza zomwe zinayamba kalekale. Panalibe amene anandiponyera. Ndipo chinthu chomwe ndinkanyadira kwambiri, choti ndimatha kukhala mkono uli m'mwamba nthawi yaitali kuposa wina aliyense pa saiti, ndi chomwe chinandifikitsa pabedi limenelo.

Ndinatuluka nditavomera kale mumtima, pepala ndisanalione n'komwe. Ndimaganiza kuti madokotala ambiri akanamatembenuza sikirini chonchi, makani a odwala akanachepa. Anthufe si okanika. Kungoti n'kovuta kupereka nthiti yako chifukwa cha mawu a munthu amene wakuona kwa mphindi zochepa.

## Moyo wa warfarin

Podikira opaleshoni ndikukhalira mapiritsi otchedwa warfarin. Mnzanga wa ku Mangochi uja atamva dzinalo anaomba m'manja, ati ndikumwa mankhwala a makoswe. Sananame. Anayamba kugulitsidwa ngati poizoni wa makoswe mu 1948, ndipo anawavomereza kupatsa anthu mu 1954. Mankhwala ake ndi ofuna ulemu. Akachepa magazi amaundananso, akachuluka umatuluka magazi osaleka. Ndiye pafupipafupi ndimakayezetsa magazi, ndipo nambala yomwe amaitcha INR, yoonetsa kutalika kwa nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ndili ndi kabuku komwe amalembamo, ndipo ndimakasunga kuposa khadi la kubanki.

Chomwe sindinkayembekezera n'chakuti nkhondo yaikulu ikhala ya ndiwo. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K wambiri, amene amafooketsa mphamvu ya warfarin. Sabata ina basi inabwera ndi katundu wochokera kwa amayi, muli mfutso wa nkhwani ndi chisoso, ndipo tinaudya motsatizana ndi mtima wonse, wotendera. Nditapita kokayezetsa, nambala inali itatsika. Namwino anandifunsa chomwe chasintha, nditamufotokozera anaseka n'kunena kuti sakundiletsa masamba, koma ndizidya mlingo wofanana sabata iliyonse, osati lero phwando mawa njala. Tsopano mkazi wanga amagawa mfutso ngati mankhwala.

Zina ndi zazing'ono koma zimatopetsa. Pa saiti mutu ukawawa aliyense amatulutsa kapepala ka Grand-Pa m'thumba, koma ine sindingakhudze chifukwa muli asipirini, amene akaphatikizana ndi warfarin amawonjezera ngozi yotuluka magazi. Lezala ndinasiya, ndimameta ndi makina. Mswachi wolimba umanditulutsa magazi m'nkhama. Poyeza kuthamanga kwa magazi ndimapereka mkono wamanzere. Pogona sindipiringiza mkono pansi pa mutu ngati kale, ndipo chikwama sindikoleka paphewa lamanja. Kutchalitchi, nyimbo ikakoma anthu n'kukweza manja onse awiri, ine ndimakweza limodzi, ndipo mayi wina anandifunsapo ngati ndili ndi chifukwa ndi Mulungu.

## Pansi

Chovuta kwambiri ndi makwerero. Munthu womwa warfarin akagwa n'kumenyetsa mutu, magazi atha kukha m'kati osaoneka kunja. Ndiye dokotala anandiletsa ziwiri nthawi imodzi, kukwera ndi kukweza mkono. Wopenta mukamuchotsera ziwirizi mwamusiyira chiyani?

Kapitawo wathu sanandichotse, ndipo pa icho ndimamuthokoza. Anandipatsa za pansi: kumata tepi, kuyala mapulasitiki, kusakaniza penti, kupenta timatabwa ta m'munsi mwa khoma ndikukwawa ndi maondo. Ndi ntchito yomwe timapatsa anyamata ongofika kumene, ndipo malipiro ake ndi a anyamata ongofika kumene. Ndimaona mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha ali pamwamba akusiya mizere, ine ndili pansi ndikuluma mano.

Ndipo matendawa saoneka. Ndikavala ovolosi ndine munthu wathanzi, wonenepa bwino. Wina watsopano pa saiti anafunsa mokweza kuti bambo awa bwanji amasankha ntchito. Ndinaganiza zovula malaya kuti aone timitsempha tija, koma ndinaona kuti n'zachibwana. Wothyoka mwendo ali ndi pulasitala yomulankhulira. Ine ndiyenera kufotokoza za nthiti yoyamba kwa munthu amene sakudziwa kuti ali nayo.

## Zomwe ndasainira

Dokotala wa opaleshoni anandikhazika pansi pamodzi ndi mkazi wanga, n'kujambula papepala. Achotsa nthiti yoyamba ya kumanja, adula mnofu wa m'khosi womwe umaigwira, ndipo apala zipsera zomwe zazinga mtsempha kunja kwake. Njira zolowera zilipo zingapo. Ena amalowera m'khwapa, njira yomwe dokotala wa ku Denver, David Roos, anaifotokoza mu 1966. Ena amacheka pamwamba pa fupa lopingasa, ena pansi pake. Wanga akufuna kulowera pansi pake chifukwa pomwe mtsempha wanga wapanikizika ndi kutsogolo, kufupi ndi pakati pa chifuwa.

Mkazi wanga anafunsa funso lomwe ine ndinkachita nalo manyazi: kodi munthu wopanda nthiti imodzi amapuma bwino? Anati inde, nthiti yoyamba sigwira ntchito yaikulu pa kupuma, ndipo chifuwa sichisintha maonekedwe. Kenako anayamba kutchula zomwe zingalakwike, mosathamanga. Nsonga ya phapo ili pansi penipeni pa nthitiyo, ndiye chikopa chake chikabooka mpweya umalowa ndipo amaika kapaipi kwa masiku ochepa. Mitsempha ya mauthenga yopita ku zala ili pomwepo, ikakokeka pamatsala dzanzi kapena kufooka, kawirikawiri kwa kanthawi, mwa apo ndi apo kosatha. Palinso wina woyendetsa mnofu wopumira, ndi wina wogwira fupa la kumsana kwa phewa. Magazi atha kutayika ambiri. Ndinkamvetsera ndikuyang'ana zala zanga. Pa zonsezo, chomwe chinandigwira mtima si imfa, koma zala. Wopenta wonjenjemera dzanja sangadule mzere wowongoka pomwe khoma likumana ndi siling'i.

Ndinafunsa ngati ndidzabwerera ku ntchito yanga. Anati ambiri amabwerera ku zomwe ankachita, koma sanandilonjeze. Pambuyo pa opaleshoni pali milungu yosanyamula zolemera, pali mafizo, pali venogram ina, ndipo ngati mtsempha udzakhalabe wochepa m'kati adzaufutukula ndi kabaluni. Warfarin ndidzapitiriza kwa miyezi ina. Ndinasaina.

Kukonzekera kwake n'kwa zinthu wamba. Warfarin ndidzasiya kutatsala masiku 5, n'kubwerera ku majakisoni a pamimba omwe tsopano ndimatha kudzibaya ndekha. Mkazi wanga wandigulira malaya a mabatani pa kaunjika, poti zovala zolowetsa kumutu sizidzatheka. Anzathu a chipereganyu anavomera kuti ndilandire mwezi uno m'malo mwa December, ndiye lendi talipiriratu. Mkazi wanga wapempha masiku kwa abwana ake. Pasipoti, mapepala okhalira kuno ndi kabuku ka INR zili m'kapulasitiki kamodzi. Ndipo madzulo aliwonse ndikuphunzira kudya nsima ndi dzanja lamanzere. Mbamu yake imatuluka yopindika, msuzi umatsikira kuchigongono, ndipo mkazi wanga amati agogo anga akanaona akanandimenya ndi mthiko.

## Amayi

Amene ndinachedwa kuwauza ndi amayi, omwe akutisungira ana kumudzi. Ankadziwa kuti mkono ukuvuta, koma za mpeni ayi. Ndinadikira Lamlungu madzulo atabwera kutchalitchi, ndinawaimbira, ndipo ndinafotokoza pang'onopang'ono monga anandifotokozera dokotala, za fupa, za kampata, za mzere womwe unaima. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anakhala chete mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka.

"Iwe, nanga nthitiyo akaichotsa apita nayo kuti?"

Funso limeneli silinandibwerepo m'mutu. Ndinati sindikudziwa, mwina amataya.

"Amataya kuti? Chiwalo cha mwana wanga chikatayidwe kudzala la eni ake? Nkhani za ku Joni timazimva ife. Ukawauze akupatse, idzabwere kuno."

Ndinayesa kuseka, iwo sanaseke. Ndiye ulendo wotsatira ndinafunsadi, ndikuyembekeza kuti dokotala andiona ngati wozerezeka. Sanadabwe n'komwe. Anati sindine woyamba kufunsa, koma ndidziwiretu kuti nthawi zambiri situluka yathunthu, amaidula m'tizidutswa, ndipo ngati ndikuifunadi ndinene zisanachitike kuti aone ngati malamulo a chipatala akulola.

Ndinawaimbiranso amayi n'kuwauza zimenezo.

"Tizidutswa tomweto, umange m'kansalu," anatero. Kenako anatsokomola pang'ono. "Ndiye ngati sukhala ukugwira ntchito, feteleza chaka chino zikhala bwanji?"

Ndinawauza kuti agulitse malata aja tinasungira khitchini.